Anandibweza Wopanda Mankhwala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ambiri a inu mundidziwa. Ndine amake Tamala, telala uja wa ku Nabvutika. Ena mwa inu mwavala lero zimene ndinasoka ine.

Ine ndinabadwa ndi phuma. Chinthu chikang'ambika, ndinkafuna chisokedwe tsiku lomwelo. Denga likadontha, ndinkavutitsa anthu mpaka wina akwerepo. Amayi anga ankakonda kundiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinkawayankha kuti ndilibe nawo ntchito maso a nkhono.

Ngakhale pemphero langa linali lotero. Ndinkapemphera ngati ndikutuma mwana kumsika: thamanga, ukabwere malovu asanaume. Mulungu akayankha msanga, ndinkaimba mokweza kuposa kwaya yonse. Akachedwa, ndinkamunyanyala. Tsiku la Sabata ndinkakhala benchi lakumbuyo, pakamwa pali tseke. Ndinkadzitcha Mkhristu, koma chimene ndinkakhulupirira kwenikweni chinali manja angawa ndi makina anga osokera.

Mwana ndili naye mmodzi yekha, Tamala. Atate ake anamwalira iye ali ku sekondale yogonera komweko. Anadwala nthawi yaitali, ndipo tsiku lina achipatala anatiitanira pambali. Anati ayesetsa mbali yawo, tsopano tipite nawo kunyumba. Tinawatengera kumudzi ku Chipangali. Sabata sinathe. Tamala anafika manda atakumbidwa kale.

Nonse mudziwa mmene timamvera kuno kwathu. Munthu akabwezedwa kuchipatala wopanda mankhwala, sitifunsanso zambiri. Azimayi ayamba kuganiza za ufa, azibambo ayang'ana kumene kuli nkhuni.

Mwanayu ndinamuphunzitsa ndi singano. Mayunifolomu a ana a eni, madiresi a ukwati, mazipi a mathalauza, zonsezo zinkapita kusukulu kwake. Tsiku limene anapeza malo ku koleji ya aphunzitsi ndinavina pakhonde la shopu, anthu akuona.

Ali m'chaka choyamba kukolejiko, m'mawa wina ndikumanga duku ndinamva kanthu m'khosi, pansi pa khutu. Kanali ngati njere ya nsawa. Sikankapweteka. Ndinati ndi mwanabere, aphwa yekha. Sanaphwe. Patapita nthawi kanatulukanso kena m'khwapa.

Kukiliniki ananditumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko anadula kanyama m'khosimu kuti akakapime. Zotsatira zitabwera anati ndipite ku Lusaka. Ndinapita ndi alongo anga aakulu, a Yotamu, amene anatilera ife makolo athu atapita.

Dokotala wa ku Lusaka anali mtsikana waulemu, wolankhula Chinyanja chawo cha kumeneko chosakaniza ndi Chingerezi. Anati ndili ndi khansa ya m'anabere, dzina lake limfoma, koma ya mtundu woyenda pang'onopang'ono. Analongosola zambiri, sindingamunamizire. Koma ine nditangomva mawu akuti khansa, makutu anga anatseka. Anadzatsegukanso kumapeto, pamene ankanena kuti pakali pano sandipatsa mankhwala. Ndibwerere kunyumba, azindiona kwathu kuno ku Chipata pakapita miyezi.

Ndinafunsa za jekeseni. Anati ayi. Ndinafunsa za mapiritsi, ngakhale ochepa chabe oti ndinyamule m'chikwama. Anati palibe chifukwa. Ndinayang'ana a Yotamu. Anali atavula chipewa, maso ali pansi.

M'basi pobwerera sanadye kanthu. Nanenso sindinadye. Tonse tinali titamva chinthu chimodzi: andibweza.

Mbiri inafika ku Nabvutika ife tisanatsike basi. A Yotamu anaimbira foni Tamala. Patapita masiku ochepa ndinangoona mwana wanga akulowa pakhomo ndi sutikesi, ndowa ndi bulangete, katundu wake yense wa kukoleji. Anati atate ake anapita iye kulibe, ndipo zimenezo sizichitikanso. Akuluakulu a kukoleji anamuuza kuti amusungira malo mpaka temu ina itatsegulidwa. Akapanda kuoneka pamenepo, malo apita kwa wina.

Zimenezi ndinazimva bwinobwino. Sindinamubweze. Ndinakondwa kuti wabwera, chifukwa ndinali ndi mantha.

Tsono tamverani zimene zinachitika m'nyumba mwanga. Thupi langa linali ndi mphamvu zake zonse. Palibe pamene pankandiwawa. Koma makina ndinawafundika chitenje, ndipo Tamala anandiyalira mphasa pabalaza kuti odzazonda azindiona bwino. Anthu anayamba kubwera. Achibale a ku Chipangali ankafika ndi nkhuku, ena ndi maungu, nkhope zili zakugwa.

Tsiku lina ndinali kusesa panja, ndipo ndinaona azilamu anga akukhota pangodya, atanyamula katundu pamutu. Ndinataya tsache n'kuthamangira pamphasa! Sekani, abale, nanenso ndimaseka tsopano. Koma taganizani. Munthu wayenda ulendo wonsewo kudzazonda wodwala, n'kumupeza akusesa? Manyazi ake ndikanawaika pati? Ndinagona, ndinafunda, ndipo atandifunsa mmene ndadzukira ndinayankha ndi mawu apansipansi.

Chimene chinayamba ngati ulemu kwa alendo chinasanduka chenicheni. Wodwala amadya phala, ndiye ndinkadya phala. Wodwala sayenda, ndiye miyendo inayamba kulemera. Zala zanga sizinkachoka m'khosi. Ndinkakagwira kanthu kaja m'mawa, masana, madzulo, mpaka khungu linatupa, ndiye ndinkati onani, kakukula.

Inu amayi a mpingo munkabwera kudzandiimbira, Mulungu akudalitseni. Munkasankha nyimbo zoyenda pang'onopang'ono zija. Ine ndili chigonere ndinkasankha mumtima yoti mudzaimbe ponditulutsa m'nyumba. Tamala ndinamuonetsa ndi diresi yomwe yoti adzandiveke.

Kupemphera ndinaleka. Ndinkati ndinamupempha Mulungu kuti achotse chinthu ichi, sanachotse. Ndinamupempha mankhwala, ngakhale mankhwalawo anandimana. Ndipemphenso chiyani? Ndinangokhala ngati mbuzi yomangidwa kuseri kwa nyumba ya ukwati, kumvetsera phazi lililonse lobwera.

Ndipo nthawi yonseyo mwana wanga ankatakasa phala. Mabuku ake anali pansi pa bedi. Anzake akamuimbira foni, ankapita kukayankhira kuseri. Pobwera maso anali ofiira, n'kumati ndi utsi.

Tsiku lokaonedwa kuchipatala litakwana, ine sindinafune kupita. Ndinati akandionanso chiyani munthu woti anandibweza kale? Tamala ndiye anaumirira.

Titafika, anamwino anayamba ndi kundikweza pasikelo, n'kunditenga magazi. Kenako ndinalowa kwa dokotala, bambo wachikulire wa konkuno kwathu, wolankhula chathu chenicheni. Anandigwira m'khosi, m'khwapa ndi pamimba. Anati zotupa sizinakule ndipo magazi ali bwino. Koma atayang'ana za sikelo, nkhope yake inasintha.

Anati ndatsika thupi kwambiri. Anati kuonda kotere ndi chimodzi mwa zizindikiro zoti matendawa adzuka, ndipo ngati adzukadi, tiyenera kuganiza zoyamba mankhwala amphamvu. Anandifunsa ngati ndimatuluka thukuta lonyowetsa zofunda pogona. Ndinati ayi. Anafunsa za kutentha thupi. Ndinati ayi. Ndiye anafunsa chimene ndimadya.

Tamala ndiye anayankha. Anati phala. Dokotala anafunsa ngati chakudya china chikundikanika kumeza. Mwana anati ayi, koma poti amama anawabweza.

Bambo uja anaika cholembera pansi.

“Anakubwezani ndani, mayi?”

Ndinamuuza za ku Lusaka, kuti sanandipatse ngakhale piritsi limodzi. Ndinamuuzanso za atate ake a Tamala. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anayamba kulongosola, ndipo ulendo uno makutu anga anali otseguka.

Anati mankhwala alipo, sanathe ndipo sanandimane. Koma ndi amphamvu. Amafooketsa thupi, ena amathothola ndi tsitsi lomwe. Mtundu wanga wa matendawa, ukakhala phee monga unalili, kuumenya msanga sikumuonjezera munthu masiku. Kumangomuzunza nthawi isanakwane. N'chifukwa chake amawasunga mankhwalawo mpaka tsiku limene adzafunikedi, ndipo amamuona munthu kawirikawiri kuti tsikulo lisawadutse. Anati alipo anthu amene akhala motere zaka, akulima, akugwira ntchito zawo. Anatinso sangandilonjeze kuti kwa ine zidzatenga nthawi yaitali bwanji.

“Sitinakutayeni, mayi,” anatero. “Tikuyembekezera, maso ali pa inu. Nanunso yembekezerani, koma muli chiimire. Phala limeneli likanatinamiza tonse.”

Atatero anatembenukira kwa Tamala n'kumufunsa chimene amachita. Mwana anati anali ku koleji ya aphunzitsi, koma anasiya kuti asamale amake. Dokotala anacheukira kwa ine. Anangondiyang'ana. Abale, ndakalipiridwapo ndi anthu ambiri m'moyo wanga, koma palibe mawu amene anandilasa ngati maso amenewo.

Titatuluka, Tamala anapita kukafunsa za tsiku lodzabweranso. Ine ndinakhala pabenchi panja. Chapatsidya panali azimayi achitsikana apakati, ali pamzere wa sikelo yawo. Namwino anatulukira pakhomo n'kuitana kuti amayi oyembekezera alowe.

Mukhulupirire, ndinayamba kunyamuka. Si ndinali nditangouzidwa kumene kuti ndiyembekezere? Ndinazindikira nditagwira kale chikwama. Ine, wa imvi m'mutu! Ndinaseka ndekha pabenchipo mpaka misozi. Kanali koyamba kuseka chichokereni ku Lusaka.

Kuseka kutatha, ndinakhala ndikuwayang'ana atsikana aja. Nawonso amabwera kudzakwera sikelo. Nawonso amawagwira pamimba, amawatenga magazi, n'kuwauza kuti pitani, mudzabwerenso. Palibe namwino amene amati tichotse lero chimene wanyamulachi poti watopa kudikira. Tsiku lawo salidziwa. Mmene zidzathere sadziwa, ndipo ife azimayi tidziwa kuti ulendo umenewo suthera bwino kwa onse. Koma akafika kunyumba palibe amawayalira mphasa. Amatunga madzi, amapita kumunda, amakangana ndi amuna awo za ndiwo.

Musandimve molakwa. Chimene ndanyamula ine si mwana, ndi matenda. Zimenezo ndinazidziwa bwino pabenchipo.

Koma mawu aja anakana kundichoka. Kuyembekezera. Ndipo ndinakumbukira mawu amene timaimba muno Sabata ndi Sabata: chiyembekezo. Ndawaimba kuyambira ndili kamtsikana, koma sindinaonepo kuti ndi mawu amodzi omwewo. Ine moyo wanga wonse ndinkafuna chiyembekezo chopanda kuyembekezera. Chinthu chotero kulibe.

Ndinapemphera pomwepo, maso ali otsegula, anthu akudutsa. Ndinati Ambuye, ndakutumani mokwanira. Tsiku langa lili m'manja mwanu, ndipo simunandiuze kuti ndi liti. Ndasiya kulilondalonda. Ndipatseni mphamvu ya lero lokha, ndipo mundithandize kumasula mwana wanga. Palibe chimene chinagwedezeka. Kanthu kaja kanali pomwepo m'khosi. Koma mumtima munatsika bata limene sindinalidziwepo, ndipo ndinamva njala.

Kunyumba ndinadya ngati munthu wochokera kumunda. Mphasa ndinaipinda ndekha. M'mawa mwake makina analira, ndipo aneba anabwera kudzasuzumira pazenera.

Kudzuka kunali kosavuta. Chovuta chinali kumubweza Tamala, ndipo masiku otsegulira temu anali pafupi.

A Yotamu atamva anabwera kuchokera ku Chipangali. Anati madokotala amadziwa kutonthoza ndi mawu okoma. Anati mwana wamkazi n'ngwachiyani ngati sasamala make, ndipo anthu adzati chiyani zinthu zikadzavuta mwana ali kusukulu. Sankanena mwankhanza. Iwowa ndiwo anatsogolera pokumba manda a mlamu wawo. Ndinagwada pansi monga mwa ulemu wathu. Ndinawauza zonse zimene dokotala ananena, kuphatikizapo zoti sanandilonjeze kanthu. Kenako ndinati mwana apita. Chibadwire ndinali ndisanawakanirepo chinthu alongo anga. Potsiriza anati mwana ndi wanga ine, ndichite mmene ndafunira.

Tamala mwiniyo ndiye anakanitsitsa. Ndikalongedza sutikesi, iye ankatulutsa zovala. Ndikalongedzanso, ankatulutsanso. Phuma ndi liuma anatengera kwa ine, sindingadandaule. Kutatsala tsiku limodzi, anakhala pabedi, sutikesi ili pakati pathu.

“Amama, mundilonjeze kuti ndikabwera ndidzakupezani.”

Ine wakale uja ndikanalonjeza msangamsanga, kuti pong'ambikapo pasokedwe. Mawu anafika pakamwa. Koma ndinaona kuti ndikanama, mwanayu adzakhala kukoleji akundikayikira tsiku ndi tsiku.

“Zimenezo si zanga, mwana wanga,” ndinatero. “Chimene ndikulonjeza n'chakuti sindidzakubisira. Thukuta lija likadzayamba, kapena chotupa chikadzakula, woyamba kumva udzakhala iwe. Sudzamvera kwa anthu.”

Analira kwambiri. Nanenso ndinalira. Atamaliza anayamba kupinda zovala yekha.

M'mawa sutikesi ndinasenza ine. Anafuna kundilanda, ndinakana. Tinadutsa pakati pa Nabvutika, ine patsogolo katundu ali pamutu, iye pambuyo ndi ndowa yake. Anthu amene anabwera kudzandizonda anaima m'makomo mwawo kukamwa kuli yasa. Ndinawapatsa moni mmodzimmodzi.

Basi itanyamuka, ndinabwerera m'nyumba yopanda munthu, ndipo mantha anandipeza momwemo. Sindikubisirani. Mpaka lero amabwera, makamaka tsiku lokaonedwa likayandikira. Akabwera ndimawatchula dzina pamaso pa Ambuye, kenako ndimakhala pamakina.

Ena mwa inu mwandifunsapo kuti ndidzaima liti pano kunena kuti ndachira. Lero sindinabwere kudzanena zimenezo. Zotupa zilipo, mukafuna mudzagwire tikaweruka. Akuluakulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Ine khosi ndikulisungadi, pamodzi ndi alendo ake. Pakapita miyezi ndimapita kusikelo yanga, amandipima, amati pitani, mudzabwerenso. Mwina tsiku lina adzati nthawi ya mankhwala yakwana. Likadzafika ndidzawalandira, ndipo Mulungu adzakhala ali komweko.

Tamala tsopano ali m'chaka chomaliza. Anamutumiza kukayeserera kuphunzitsa pasukulu ina cha ku Tamanda. Chichokereni pakhomo amandiimbira foni Sabata lililonse madzulo, ndipo funso loyamba lakhala limodzi nthawi zonse: khosi lili bwanji, amama? Asanapereke ndi moni yemwe. Ndinkamva m'mawu ake kuti wagwira mpweya mpaka ndiyankhe.

Sabata lathali anaimba. Anayamba ndi ana a m'kalasi mwake, kuti akumutcha madamu. Anandiuza za kamtsikana kena kamene kanali kosatsegula pakamwa, koma tsopano kawerenga mzere wathunthu pamaso pa anzake. Anadandaula za choko, anaseka za mbuzi imene inalowa m'kalasi, anandipempha kuti ndimusokere siketi ina yoyenera mphunzitsi. Analankhula, analankhula. Kenako anati amama, ndithamangire kukakonzekera za mawa, mutsale bwino. Foni n'kuduka.

Ndinakhala nayo m'manja kanthawi. Ndiye ndinazindikira.

Mwana wanga anaiwala kundifunsa za khosi.

Abale, ndinagwada pansi pafupi ndi makina, ndipo ndinalira ndi chimwemwe. Ndinapempha Mulungu kuti andichotsere chotupa. Iye anachotsa maliro amene ndinawaika pamutu pa mwana wanga ndili moyo. Alemekezeke, chifukwa anadziwa chimene chinafunika kuchoka msanga.

Mwina muno muli wina amene wamva mawu oopsa, makutu n'kutseka. Bwererani mukafunse, mukamve mpaka kumapeto. Mwina muli wina amene wamunyanyala Mulungu poti wachedwa, ndipo pali munthu amene waimitsa moyo wake kuti akhale nanu m'mantha anuwo. Sindikulonjezani yankho lero, poti nanenso langa silinafike. Koma malo alipo pano pambali panga. Nyamukani, mubwere tidzayembekezere Ambuye tili chiimire.